Diso Limodzi Mumdima

1. Makiyi a kapikapu

Laisensi ya Mzime yoyendetsera galimoto inali ndi masabata atatu okha. Ankaisunga m'kachikwama kapulasitiki, ndipo tsiku silinkatha asanaitulutse n'kuiyang'ana. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dzina lake lenileni linkamveka kusukulu kokha. Kunyumba aliyense ankangomutcha Mzime, poti ndiye anali womaliza mwa ana asanu.

Amayi ake ankagulitsa mazira m'magolosale ndi m'malo odyera. Lachisanu lililonse kapikapu kawo koyera kankapita ku famu ya nkhuku, kunja kwa tauni, kukatenga mathireyi. Woyendetsa masiku onse anali achimwene ake aakulu, koma sabata imeneyo anali atapita kutali kukafunsira ntchito. Choncho ulendo unagwera Mzime.

Bambo ake anali pakhonde akusoka nsapato yawo yakale. Anayendetsa basi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma chipumireni pantchito sanagwirenso chiwongolero. Dzuwa likangolowa sankalola ngakhale kukwera galimoto ya munthu wina. Ana ankati ndi ukalamba.

Mzime anatambasula dzanja kuti alandire makiyi. Bambo sanamupatse. Anamulozera mpando.

"Khala pansi kaye, mwana wanga," anatero. "Kusukulu yoyendetsa galimoto anakuphunzitsa kuti dzuwa likalowa uziyatsa nyali. Ziwiri zoyera kutsogolo, ziwiri zofiira kumbuyo, ndi kanyali kounikira nambala. Anakuuzanso kuti ukakumana ndi galimoto ina uzitsitsa nyali kuti usamuthobwe mnzako m'maso. Zimenezo unaloweza kuti ukhoze mayeso. Ine ndikufuna ndikuuze zimene sanalembe m'buku.

"Nyali si zako wekha. Ntchito yake ina ndi yoti anthu akuone, adziwe kukula kwa chinthu chimene chikubwera. Chaka chimene iwe unabadwa, ndinanyamuka ndi basi usiku nyali ya mbali yanga itafa. Makaniko anati babu abwera naye mawa. Okwera anali atadzaza kale, akung'ung'udza. Ine ndinati msewu umenewu ndimaudziwa ngati chikhatho changa.

"Tili pakati pa ulendo, kutsogolo kunkabwera munthu pa njinga yamoto. Iye anaona nyali imodzi n'kuyesa kuti ndi njinga inzake. Anandisiyira malo okwana njinga. Sanadziwe kuti mumdimamo muli chibasi chonse."

Bambo anaika nsapato pansi.

"Chipewa chake choteteza mutu chinagubuduka pa tala. Gubudu, gubudu, gubudu. Nditazimitsa injini, anthu onse ali zii, chipewa chija chinali chikugubudukabe. Khoti linaweruza, mlandu unatha, ndinabwerera kuntchito. Koma phokoso limenelo ndimalimvabe. Amayi ako amadziwa chifukwa chake ndimagona wayilesi ili chiyatsire."

Mzime anali asanaimvepo nkhaniyi. Anangoyang'ana pansi.

"Ndiye tamvera. Unyamuke ku famu dzuwa likadalipo. Ukachedwa, uyatse nyali zonse ndipo uzungulire galimoto. Ikafa imodzi, usanyamuke. Undiimbire. Mazira alibe miyendo, sathawa. Apolisi akakuimitsa, uime. Usawathawe, usakangane nawo, usawapatse kanthu m'manja. Wamva?"

"Ndamva, Ababa."

Apo m'pamene makiyi anagwera m'dzanja lake.

Pageti panatulukira msuweni wake, mwana wa amalume, amene anapemphedwa kukathandiza kukweza mathireyi. Mnyamatayu anaphunzirapo zamalamulo miyezi isanu ndi umodzi n'kusiya, koma chichokereni kumeneko nkhani iliyonse ankaiyamba ndi mawu oti "malinga ndi lamulo". Anzake anamupatsa dzina loti Loya, ndipo iye ankalikonda.

"Asuweni, lero tikwera ya dalaivala watsopano?" anatero akutsegula chitseko. "Musadandaule, wilo ya chuma changa ndalemberatu. Nsapato zanga ndasiyira mng'ono wanga."

Mzime anaseka. Bambo sanaseke.

2. Ku famu

Anafika ku famu nthawi yabwino. Koma pageti panali patafera chilole cha chakudya cha nkhuku, chitatseka njira yonse. Anyamata a pa famupo anatsitsa matumba onse kaye kuti achikankhe. Pamene kapikapu kankalowa, mithunzi inali itatalika kale. Pamene Loya ankamanga chingwe pa thireyi yomaliza, dzuwa linali litalowa.

"Taimani kutsogoloko, asuweni," anatero Mzime. "Ndiyatse nyali."

Loya anaima manja ali m'thumba. "Iyi ya mbali yako yayaka. Iyi ya mbali yanga yagona."

Anaimenya ndi chikhatho. Nyali inaphethira kawiri, kenako inazimiratu.

Mwini famu, mayi wachikulire wovala magambutsi, anaona zonsezi ali pakhomo la sitolo.

"Mwanawe, galimotoyi isiye pano," anatero. "Chipinda cha alendo chilipo, bulangeti lilipo. Msewu umenewo usiku mumadzaza anthu a njinga ochokera kumaganyu, ndipo ambiri alibe ngakhale kagalasi konyezimira. Babu mukagula mawa kukacha. Tsoka silinunkha."

Mzime anatulutsa foni kuti aimbire bambo ake. Loya anamugwira pamkono n'kumukokera pambali.

"Ukawaimbira, makiyi amenewa udzawaonanso uli ndi imvi," ananong'ona. "Adzati tinanena ife, mwana ameneyu sanakhwime. Komanso azakhali akudikira mazira. Malo odyera awiri akuwafuna m'mamawa. Makilomita makumi atatu okha, iwe! Munthu wa diso limodzi sayenda kodi?"

"Nenani zoona, asuweni. Nkhani ndi mpira wa pa TV."

"Mpira ndi nkhani ina. Ine ndikunena za ulemu wako."

Mzime anayang'ana foni, anayang'ana kumwamba kumene kunali kukuda, kenako anayang'ana nyali yakufa ija. Anabweza foni m'thumba.

"Zikomo, mayi," anauza mwini famu. "Tiyenda pang'onopang'ono."

Mayiyo anangopukusa mutu n'kukatsegula geti.

3. Phokoso

Msewu unali wopapatiza, wopanda magetsi. M'mbali mwake munali udzu wautali wofika m'chiuno. Nyali imodzi ija inkaunikira pakati pa msewu pokha. Mbali ya Loya, kumphepete kwa tala, kunali bii ngati m'botolo.

Poyamba Loya ankalongolola za mpira. Mzime anawerama pachiwongolero, maso ali tong'o.

Anadutsa kamlatho kopapatiza kokhala ndi zipilala zoyera. Atangokapitirira, pakhona panatulukira lole yoyatsa nyali zonse mwamphamvu. Mzime anaphethiritsa nyali yake imodziyo kupempha kuti dalaivalayo atsitse. Sanatsitse. Kuwala kunadzaza galasi lonse, moti msewu unasowa. Mzime anakhotera pang'ono kumphepete kuti aipatse malo.

Phuu!

Phokosolo linachokera mbali ya Loya. Silinali lalikulu. Kapikapu kanagwedezeka pang'ono, mathireyi anachita tsekeseke kumbuyo, ndipo lole ija inadutsa ndi mphepo yake.

Mzime anachotsa phazi pa mafuta. "Chimenecho n'chiyani?"

"Galu," anayankha Loya msanga.

"Mwamuona?"

"Ndikuti galu. Kapena nthambi. Tiye, usaime. Malo ano si oima, kuli achifwamba. Amaponya zinthu dala kuti uime."

Mzime anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Munalibe chilichonse, koma kufiira kwa nyali zake zakumbuyo pa udzu. Anasuzumira galasi la mbali ya Loya. Linali litapindikira mkati, likulendewera.

"Galu amafika pagalasi, asuweni?"

Loya anakweza windo lake mpaka pamwamba.

Phazi la Mzime linali pakati pa buleki ndi mafuta. Linakhala pamenepo kanthawi. Kenako linaponda mafuta.

Kuchokera pamenepo mpira unaiwalika. Pansi pa kapikapu, mbali yomwe ija, panayamba kumveka kaphokoso kena kamene kunalibe popita. Tche, tche, tche. Akathamanga, nako kankathamanga. Akachepetsa liwiro, nako kankachepetsa. Mzime anayatsa wayilesi, koma kaphokosoko kankamvekabe pansi pa nyimbo. Anaizimitsa.

Chitsa chilichonse m'mbali mwa msewu chinkaoneka ngati munthu wakhala pansi. Thumba lapulasitiki lokodwa paminga linkaoneka ngati malaya.

"Sitinaone chilichonse," anatero Loya patapita nthawi, akuyang'ana kutsogolo. "Malinga ndi lamulo, chimene sunachione sungachichitire umboni."

Mawu ake anatuluka opyapyala ngati a mwana.

4. Tochi pamsewu

Magetsi a m'tauni atayamba kuoneka, kutsogolo kunawala tochi ikukwera ndi kutsika. Panali makoni ofiira pamsewu, galimoto ya apolisi pambali, ndi anthu atatu ovala majekete onyezimira. Galimoto ziwiri zimene zinali patsogolo anazilola kudutsa. Kapikapu anakalozera pambali.

"Usaime!" anatero Loya. "Pali kanjira apo, kamatulukira kuseri kwa msika. Zimitsa nyali zonse ukhotere pamenepo. Satiwona."

"Ndizimitse nyali?"

"Ukudziwa bwanji kuti ndi apolisi enieni? Jekete aliyense angagule!"

Mzime anakaona kanjira kaja. Anakadutsa. Anayatsa indiketa n'kuima pansi pa getsi la pa filing'i siteshoni, pamene panali anthu. Anatsitsa windo pang'ono, manja onse awiri ali pachiwongolero.

Anafika pawindo anali sajeni wachikulire, wa imvi m'mbali mwa chipewa. Kumbuyo kwake kunali wapolisi wamkazi atanyamula buku.

"Mwaswera bwanji, dalaivala?" anatero Sajeni. "Laisensi ndi mapepala a galimoto."

Mzime asanatsegule pakamwa, Loya anali atayamba kale.

"Bwana, malinga ndi lamulo, simungaimitse galimoto popanda chifukwa. Zina zija mwazisiya, ife mwatiimitsa. Kumeneko n'kusankha. Komanso tili ndi ufulu woona chitupa chanu cha ntchito."

Sajeni sanakwiye. Anatulutsa chitupa m'thumba la malaya, anachiunikira ndi tochi, n'kuchigwira mpaka onse awiri atawerenga nambala yake ndi kuona chithunzi.

"Wafunsa bwino, mnyamata," anatero. "Usiku munthu ayenera kufunsa. Ndipo dalaivala wachita bwino kuima powala, pali anthu. Tsopano tsika, ndikuonetse chifukwa."

Loya anatsika monyinyirika. Mzime nayenso anatsika. Sajeni anawaimika kutsogolo kwa kapikapu.

"Werenga nyali zimene zikuyaka."

"Imodzi," anatero Loya.

"Lamulo limene umalidziwalo limati zingati?"

Loya anakanda m'mutu. "Ziwiri."

"Chifukwa chake ndi chimenecho. Ndinakuonani muli kutali, ndinayesa njinga yamoto."

Mzime atamva mawu amenewo anakumbukira basi ya bambo ake.

5. Mawu a Sajeni

Wapolisi wamkazi anatenga laisensi ya Mzime n'kuyamba kulemba. Sajeni anatsamira kapikapu.

"Laisensi ya masabata atatu," anatero. "Ndiye mvetserani nonse awiri, poti mwina palibe amene adzakuuzeninso modekha chonchi.

"Mnyamata uyu wanena theka la zoona. Ine sindiloledwa kuimitsa munthu chifukwa nkhope yake sinandisangalatse, kapena chifukwa ndikufuna ya sopo. Ndikakuimitsa, uli ndi ufulu wondifunsa kuti ndine yani ndiponso kuti walakwa chiyani, ndipo ine ndiyenera kuyankha. Sindingayambe kufufuza m'chikwama mwako chifukwa cha babu wakufa. Ndikalemba chindapusa, umakalipira ku ofesi n'kulandira lisiti, osati m'manja mwanga. Ukaona kuti ndakulakwira, nambala yanga waiona, ukadandaule, ngakhale kukhoti. Zonsezo ndi zako, ndipo usalole munthu akulande.

"Koma theka linalo ndi ili. Ndikaona ndi maso anga galimoto ikuyenda usiku ndi nyali imodzi, ndiyenera kuiimitsa. Ndikaisiya, ndalakwa ndine. Ndipo iwe ndikakuimitsa, uyenera kuima. Ufulu wofunsa si ufulu wothawa.

"Achinyamata mumayesa kuti ife timakonda kuzizidwa pamsewu pano. Ine ntchito ino ndaigwira zaka makumi atatu. Kuimitsa galimoto si gawo lovuta. Gawo lovuta ndi kugogoda pakhomo la munthu m'bandakucha, chipewa chili m'manja. Mayi amatsegula chitseko, akangoona yunifolomu amadziwa. Ena amakuwa. Ena amangofunsa kuti, 'Anali atavala juzi? Kunja kukuzizira.' Nyumba zimenezo ndimazikumbukira zonse, mpaka mtundu wa makatani. Ndipo ukafunsa dalaivala, yankho limakhala limodzimodzi: ndimati ndigula babu mawa. Pepani sapoletsa chilonda, ana inu."

Wapolisi wamkazi anang'amba pepala n'kupatsa Mzime pamodzi ndi laisensi.

"Galimotoyi sichoka pano ndi diso limodzi," anapitiriza Sajeni. "M'sitolo ya pa filing'i siteshoniyi amagulitsa mababu. Mukaika, mundionetse, muzipita. Nkhani yathera pomwepo."

Anatembenuka n'kuyamba kubwerera ku makoni ake.

Loya anapumira m'mwamba. "Mwayi wa nzama," ananong'ona. "Sanaone galasi. Tiye tikagule babu, tizipita. Utseke pakamwa."

Mzime anaima pomwepo, pepala lili m'dzanja. Injini inali itazima, koma iye anapendeketsa mutu ngati akumvetsera kanthu.

"Bwana!" anaitana.

Loya anamutsina pamkono. "Wapenga? Ukudziwa zimene ukuziyamba? Ndende, iwe! Laisensi ipita, galimoto ya azakhali ipita!"

Mzime anachotsa dzanja la msuweni wake. Sajeni anali atatembenuka.

"Bwana, pali china. Ndagunda chinthu m'njira. Kungodutsa kamlatho ka zipilala zoyera. Sindinaime."

Wapolisi wamkazi anatsegulanso buku lake.

"Chinthu chanji?" anafunsa Sajeni.

"Sindikudziwa. Sindinachione."

"Anali galu, bwana," analowerera Loya. "Ndipo nyaliyi yafa nthawi yomweyo. Ponyamuka zonse zimayaka bwinobwino."

Sajeni sanamuyang'ane Loya. Anayang'ana Mzime. "Ndi zoona zimenezo, dalaivala?"

Mzime anapukusa mutu. "Ayi, bwana. Inafa tili ku famu. Ndinaiona. Ndinauzidwa kuti ndisanyamuke, koma ndinanyamuka."

Sajeni anazungulira mbali ya nyali yakufa n'kugwada. Anaunikira galasi lolendewera lija. Anaunikira chitseko, pamene panali mzere wautali wa penti yobiriwira. Kenako analowetsa dzanja kuseri kwa tayala n'kusolola kanthu kamene kanakodwa pamenepo. Anakakweza m'kuwala kwa tochi.

Kanali kawaya kopindika, sipoko ya njinga.

Loya anakhala pansi pa simenti, manja ali kumutu.

"Mwana wanga," anatero Sajeni akuimirira pang'onopang'ono, "sindikunamiza. Kuyenda ndi nyali yakufa ndi mlandu. Kugunda n'kusaima ndi mlandu waukulu kuposa pamenepo, ndipo kunena kwakoku sikukufafaniza. Ndilemba zonse monga zachitikira. Koma ndilembanso kuti ndinali nditakumasula, ndipo unandiitana wekha. Ambiri saitana. Amapita kunyumba, amatsuka galimoto, n'kumayesa kuti zatha. Mlandu suwola. Umangosamuka kuchoka pamsewu n'kukakhala pansi pa pilo.

"Za milandu tikamba pambuyo. Pakali pano mwina pali munthu wagona mu udzu, ndipo mphindi iliyonse ndi magazi. Malowo ungawakumbukire?"

"Ndingawakumbukire, bwana."

"Kwera galimoto yathu."

6. Pa kamlatho

Loya anatsala pa filing'i siteshoni ndi wapolisi wachitatu, akulondera mazira. Sajeni anayendetsa yekha. Mzime anakhala kumbuyo ndi wapolisi wamkazi, amene ankalankhula pa wayilesi kuitanitsa ambulansi.

Atamaliza, anatembenukira kwa Mzime. "Uli ndi ufulu wodziwitsa akwanu kumene uli. Imba."

Mzime anaimba. Foni inangolira kamodzi.

"Mzime? Uli kuti?" Anali mawu a bambo ake.

"Ababa, ndili ndi apolisi. Ine ndili bwino. Nyali inafa, ndipo ndinanyamukabe." "Ndagunda njinga, Ababa."

Mzime ankangomva kupuma kwawo.

"Unaima?"

"Ayi. Koma ndanena. Tikubwerera komweko."

"Wanena wekha?"

"Ndekha."

"Usachoke pambali pa apolisiwo," anatero Bambo. "Uwauze zonse, usachotsepo kapena kuwonjezera. Ndikubwera."

"Usiku uno, Ababa? Mukwera chiyani?"

Koma foni inali itadulidwa kale.

Msewu womwe uja tsopano unkaoneka wina. Nyali ziwiri za galimoto ya apolisi zinkafika mpaka mu udzu mbali zonse. Mzime anaona zimene sanazione pobwera: amayi awiri atasenza mitolo, mnyamata akukankha wilibala, bambo wina pa njinga atanyamula mwana kumbuyo. Onsewo ankayenda kumphepete kwenikweni kwa tala. Onsewo anali atawadutsa osawaona.

"Apo," anatero, akuloza. "Khona ilo. Kamlatho kali kuseri kwake."

Sajeni anaimika galimoto n'kusiya nyali zikuyaka. Anatsika onse atatu. Kunkazizira, ndipo pansi pa mlatho achule ankalira.

Choyamba kuchipeza chinali zidutswa za galasi la kapikapu, zitamwazika pa tala. Kenako tomato, wina wophwanyika, wina wabwinobwino, atagubudukira uku ndi uku. Tochi ya Sajeni inatsata tomatoyo mpaka mu udzu.

Njinga inali pamenepo, yobiriwira, tayala lakumbuyo litapindika ngati nambala 8. Pa kaliyala panali dengu lomangidwa ndi mphira. Pambali pake panali nsapato imodzi yachikopa, ya phazi lalikulu, chingwe chake chili chimangire.

Munthu panalibe.

"Alipo kuno?" anafuula Sajeni. "Ndife apolisi! Ngati mukutimva, yankhani!"

Achule anasiya kulira. Palibe anayankha.

Wapolisi wamkazi anaunikira pansi. Udzu unali utagona, kusonyeza kuti china chake chinakwawa kapena kukokedwa kulowera kumunsi, kumene kunali madzi. Pamasamba ena panali madontho akuda, onyowa.

"Ima pomwepo," anauza Mzime. "Usaponde pamenepa."

Mzime anaima.

Ndipo mumdima, pang'ono chabe kutsogolo kwa mapazi ake, china chake chinayamba kuwala mu udzu. Kenako chinayamba kuimba. Inali foni yaing'ono ya mabatani, galasi lake litang'aluka pakati.

Sajeni anatulutsa kampango n'kuitola. Mzime anali pafupi, moti anawerenga mawu amene ankaphethira pagalasipo: Mwana Wanga.

Foni inalira kachitatu, kachinayi. Sajeni anavula chipewa n'kuchipana m'khwapa. Anadina batani.

Mawu amene anatuluka anali a kamtsikana, omveka bwino mu usiku wachetewo.

"Adadi, mwafika pati? Amama akuti tizidya, koma ine ndakana. Ndikudikira inuyo."

Sajeni anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Asanatulutse mawu, kumunsi kwa mlatho, m'kati mwa mabango, munthu anatsokomola.